Chithunzi chotsogolera bokosi

Maliro akagwa m'midzi ya ku Msundwe, Mpingu kapena Kabudula, adzukulu amapita kumanda ndi makasu, koma kunyumba kumayambika ntchito ina: kusaka chithunzi cha malemu. Amakhuthula sutikesi, amavundukula Baibulo tsamba ndi tsamba, amaimbira foni mwana amene ali ku Johannesburg. Pakhomo pena chimene chimapezeka ndi kankhope ka pa chiphaso cha unzika basi, kojambulidwa pa kalembera wa dziko lonse wa 2017. Mnyamata amapalasa njinga kukakakulitsa pa Msundwe kapena pa Namitete, kuti katsogolere bokosi.

Tsiku limenelo anthu amaiyang'anitsitsa nkhope ija kuposa mmene ankachitira mwini wake ali moyo. Amaona makwinya a dzuwa la kumunda wa fodya, amaona maso amene mdzukulu anatengera. Wina amalira, wina amapemphera chamumtima, winanso amakumbukira mawu amene sanapepese. Kapepala kamodzi kagwira ntchito ya mlaliki.

Alipo anthu amene anaitenga ntchito yojambulayi ngati njira yopempherera. Mmodzi ndi Thomas Merton, wansembe wa Chikatolika amene ankakhala moyo wobindikira ku Gethsemani, m'dera la Kentucky ku America. M'zaka zake zomaliza, asanamwalire mu 1968, ankayenda ndi kamera imene anam'bwereka mnzake John Howard Griffin. Sankasaka anthu otchuka. Ankajambula mizu ya mitengo, madengu, zipupa ndi mipando yakale. Kuti munthu ajambule muzu, ayenera kuima, kutonthola ndi kuupenya mpaka aone kuti nawonso ndi cholengedwa cha Mulungu. Amene anagwadapo m'tchalitchi cha Nambuma anthu onse atatuluka akudziwa mtundu wa bata limeneli.

Kuno kwathunso, zoti ajambule mnyamata wa foni ku Nsaru n'zambiri: manja a agogo akusoka fodya m'chigafa, nkhokwe mwezi wa Meyi, nkhokwe yomweyo mwezi wa Febuluwale. Zithunzi ziwiri zomalizazi, zikaikidwa pamodzi, zimanena za njala ndi chiyembekezo momveka kuposa msonkhano wa tsiku lonse.

Malawi ali ndi mbiri yake pa lusoli. John Kirk anajambula zithunzi pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi ndi Shire, umene unayamba mu 1858, koma kumeneko kunali kutiona ndi diso la mlendo. Zinthu zinasintha ndi Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, amene anaphunzira kamera n'kuyamba kujambula Amalawi anzake. Iye ndi amene anajambula John Chilembwe ndi banja lake, atavala bwino ndi mwaulemu monga mmene iwo eni anafunira kuoneka. Chilembwe anaphedwa mu 1915, koma nkhope yake tikuidziwa chifukwa panali munthu amene anaiona kuti ndi yoyenera kusungidwa.

Komabe kamera ili ndi malire, ndipo Achewa a kuno amawadziwa. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, amavinidwa pabwalo anthu akuona, koma za kudambwe sizijambulidwa, ndipo ngakhale pabwalopo wanzeru amayamba wapempha kwa eni mzinda. N'zomvetsa chisoni kuti ulemu womwewu ukusowa pa ngozi za pamsewu wa Lilongwe–Mchinji, pamene ena amathamangira kujambula ovulala n'kumwaza pa WhatsApp abale asanamve uthenga. Kumeneko si kujambula, ndi kuvula munthu.

Vuto lina ndi lakuti zithunzi za masiku ano zimafera m'foni. Foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi, ubatizo, chinkhoswe ndi ukwati zimapita nayo limodzi. Kale wojambula wa panjinga ankabwera Lamlungu, n'kudzabweranso ndi zithunzi zotsuka zimene mpaka lero zili pakhoma.

Choncho inu amene makolo anu ali moyo, musadikire uthenga wa maliro. Apempheni, asiyeni asambe ndi kuvala chitenje kapena jekete imene amaikonda, khalani nawo pansi mucheze, kenaka ajambuleni. Katsukitseni chithunzicho, ndipo kumbuyo kwake mulembe dzina, mfunda, mudzi ndi chaka.