Kwaya yaimba bwino, koma fayilo ikukana kutseguka

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka. Kwaya ya tchalitchi china ku Chelstone yajambula nyimbo zake, ndipo mnyamata wa laputopu wakopera ntchito yonse pa fulashi. Akwera minibasi ya mu Great East Road mpaka m'tauni, nasintha ina ya ku Kabwata, kumene kuli mnzake wodziwa kuchotsa phokoso ndi kulinganiza mawu. Abaya fulashi, fayilo ikana kutseguka. Chonsecho onse awiri ali ndi Audacity, onse awiri makompyuta awo amayendera Ubuntu.

Chavuta ndi kanambala komwe ambiri sakayang'ana. Wa ku Chelstone ali ndi Ubuntu 24.04, yomwe imabwera ndi Audacity 3.4.2. Wa ku Kabwata adakali pa Ubuntu 22.04, ndipo m'nkhokwe yake muli Audacity 2.4.2 ya mu 2020. Yatsopano imawerenga ntchito za yakale, koma yakale siidziwa za yatsopano.

Audacity ndi pulogalamu yodulira ndi kusakaniza mawu yomwe Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg anayamba mu 1999 pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, n'kuitulutsa mu 2000. Ndi yaulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu woisintha ndi kuigawa. Mu mzinda ngati Lusaka, wa mawayilesi ambiri, kuyambira ZNBC ya pa Alick Nkhata Road mpaka ya ophunzira pa Evelyn Hone College ndi pa UNZA, chida chosafuna laisensi ya madola si chinthu chochepa kwa amene akuyamba kumene.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu Marichi 2021 ndi Audacity 3.0. Kale ntchito imodzi inkasungidwa pawiri: kafayilo ka .aup ndi foda ya tizidutswa ta mawu tambirimbiri. Munthu ankatha kukopera kafayilo kokha, kukafika kumene akupita n'kupeza kuti wanyamula dzina la nyimbo, nyimboyo yatsala kunyumba. Mu Audacity 3 zonse zimalowa mu fayilo imodzi ya .aup3. Apa anaganiza bwino, ngakhale kuti pali kamsampha: yatsopanoyi imakana kusunga ntchito mwachindunji pa fulashi ya mtundu wa FAT32, ndiye uyenera kusunga kaye pa kompyuta kenako n'kukopera.

Nanga n'chifukwa chiyani Ubuntu yotuluka mu Epulo 2022 inanyamula pulogalamu ya zaka ziwiri zapitazo? Ena amati ndi ulesi. Ine sindikuvomereza. Ubuntu, yomwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004 (dzinalo ndi umunthu wathu womwewu), imatenga mapulogalamu ambiri ku Debian. Kumeneko anthu odzipereka amamanga pulogalamu iliyonse kuchokera ku malemba ake, naonetsetsa kuti ikugwirizana ndi zina zonse za m'nkhokwe. Audacity 3.0 inkafuna wxWidgets, chida chojambulira mawindo ndi mabatani, ya mtundu womwe eni Audacity anausintha okha, pomwe Debian inali ndi wina umene mapulogalamu ena ambiri ankadalira. Suchotsa mzati wa nyumba yonse chifukwa cha chipinda chimodzi. Mpata unapezeka wxWidgets 3.2 itatuluka mu Julayi 2022, ndipo Debian 12 ya mu Juni 2023 inabwera ndi Audacity 3.2.4.

Panalinso mkangano. Mu 2021 kampani ya Muse Group inatenga Audacity, ndipo maganizo ake oti pulogalamuyi izitumiza malipoti a kagwiritsidwe ntchito anakwiyitsa anthu kwambiri. Kampaniyo inabwerera m'mbuyo, koma ena anapatukabe n'kuyamba yawo yotchedwa Tenacity.

Wofuna yatsopano popanda kusintha Ubuntu yonse ali ndi njira. Eni Audacity amapereka AppImage, fayilo imodzi yomwe umangoitsitsa n'kuiyendetsa, ndipo palinso Flatpak. Koma zimenezi zimanyamula katundu wawo yense, ndiye ndi zolemera. Wokhala ku Kabulonga kapena ku Woodlands amene ali ndi intaneti ya mwezi wonse m'nyumba sangaziganizire kawiri. Wogula bandulo ya tsiku pa foni amawerenga kaye. Ubwino wa AppImage ndi woti mmodzi akaitsitsa, anzake angathe kungokopera pa fulashi, ndipo laisensi ikuloleza.

Ndiye pali magetsi, malaiti monga anenera a mu Lusaka. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, makomo ena ankakhala mumdima maola 20 kapena kuposerapo pa tsiku. Kukweza Ubuntu yonse kuchoka pa 22.04 kupita pa 24.04 ndi ntchito yotenga nthawi, ndipo ikadukira pakati kompyuta imatha kukana kudzuka. Amene ali ndi pulogalamu ya pa wayilesi yoti ipite mawa sayamba zimenezo usiku wa lero, batire ili theka.

Anyamata athu aja akanapewa ulendo wachabe ndi uthenga umodzi wa pa WhatsApp: "Iwe, yako ni namba bwanji?" Nambalayo imapezeka pa Help, kenako About Audacity. Ikasiyana, wa ku Chelstone atulutse mzere uliwonse wa mawu, soprano, alto, tenala, besi ndi kiyibodi, ngati fayilo ya WAV payokha. Imeneyo ngakhale 2.4.2 ya ku Kabwata imaitsegula.