Kodi mumadziwa?

Pamene mnyamata wa ku Dzaleka, m'boma la Dowa, akweza foni yake kuti ajambule kanema wa ovina pa chikondwerero cha Tumaini, chimene chinayamba mu 2014, chimene maso athu amachiyesa kuvina pa kanemayo sichili kanthu kena koma zithunzi zoima, zotsatana mwaliwiro: kawirikawiri 30 pa sekondi, ndiko kuti 1,800 pa mphindi imodzi. Mtolo wonsewu, wa kuzilandira, kuzipanikiza kuti zikwane m'foni, ndi kuzilunzanitsa ndi kulira kwa ng'oma, umasenzedwa ndi kanthu konga chikhadabo kukula kwake, kotchedwa purosesa.

Purosesa ya Intel 4004, yotuluka mu 1971, inali ndi matransistor (timaswichi tating'onoting'ono ta magetsi) 2,300. Ya m'foni ya lero ili nawo mabiliyoni, monga mchenga wa kunyanja. Komatu nayonso imalema: ikatentha imachepetsa dala liwiro lake kuti ingapse, ndipo n'chifukwa chake wodula ndi kulumikiza kanema kumapiri a Ntchisi m'nyengo ya chilimwe amachita bwino kuvula foni chikuto chake, nakhala nayo pamthunzi kapena kudikira kachisisira.