Azakhali anga tsopano amagawa malikisi

Sabata ino aliyense amene ndakumana naye ndamuuza nkhaniyi, ngakhale kondakitala wa minibasi imene inanditula pa Chezi sanapulumuke. Azakhali anga, omwe sukulu anasiyira sitandade 3, tsopano amagawa malikisi! Amagawira a komiti ya chitukuko, amagawira a zaumoyo, ndipo wolandira malikisi ochepa amavula chipewa n'kulonjeza kukonza.

Kuti mumvetse chimwemwe changa, mudziwe kaye mmene misonkhano inkayendera kwathu, kuseri kwa mapiri mukapatuka pamsewu wa ku Salima. Amfumu akaitana, abambo ankakhala pamabenchi pamthunzi, amayi pansi chakumbali, miyendo atatambalitsa, ana ali kumsana. Mlendo wochokera ku boma akamaliza kulankhula ankafunsa kuti, "Tagwirizana tonse?" Abambo awiri atatu ankavomera, m'manja n'kuwombedwa, nthungululu n'kumveka. Mlembi ankawerenga mitu n'kulemba kuti anthu anabwera ambiri, amayi kuposa abambo. Papepala zonse zinali bwino. Koma azakhali ankabwerera kunyumba osatsegula pakamwa, chikhalirecho mjigo unali utafa kalekale, ndipo m'mamawa uliwonse ankatsetsereka phiri ndi ndowa kukatunga kudambo.

Dziko lonse tinkayeza ufulu wathu chimodzimodzi. Tinavota pa 14 June 1993 kuti tikhale ndi zipani zambiri, mu 1994 tinasankha boma latsopano, ndipo kuyambira pamenepo tinkangowerenga mavoti ndi mipando. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linati mphamvu zipite kwa anthu, makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC anafalikira, komabe kuyambira 2005 mpaka 2014 tinalibe makhansala. Aphungu aakazi anali 43 mu 2009, mu 2014 anatsika kufika 32, pamipando 193. Kafukufuku wa boma wa 2019/2020 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi osauka. Manambala onsewa ndi ofunika, sindikuwanyoza, koma palibe imodzi imene ikanakuuzani ngati mayi wamasiye wa m'mudzi mwathu amamvedwa akadandaula.

Zinthu zinatembenuka pamene alangizi anabwera ndi njira ina yoyezera, yobadwira konkuno ku Malawi. Bungwe la CARE Malawi ndilo linaiyambitsa mu 2002, poyamba pa nkhani za umoyo, ndipo lero mayiko ena anaitengera. Mmene imayendera ndi mophweka. Anthu olandira chithandizo amasankha okha zinthu zoti ziyezedwe, kenako amagawikana: amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha. Gulu lililonse limapereka malikisi ndi kufotokoza chifukwa chake. Opereka chithandizo nawonso amadzipatsa malikisi okha. Pomaliza onse amakumana pabwalo limodzi, n'kugwirizana chochita, woti achite ndi tsiku lake.

Ine ndinaona ndi maso anga tsiku loyamba. Amayi anakhala patsinde pa mtengo wa mango, opanda bambo ndi mmodzi yemwe. Popeza ambiri sadziwa kulemba, anatenga njere za chimanga: zisanu ndiye kuti zili bwino kwambiri, imodzi ndiye kuti zavuta. Poyamba kunali zii, aliyense akuyang'ana mnzake. Kenako gogo wina wolera adzukulu amasiye anatola njere imodzi, naiika pa chithunzi cha mjigo chimene anajambula padothi. Basi, pakamwa panatseguka! Anafunsana ngati mayina a olandira Mtukula Pakhomo ndi makuponi amawerengedwa poyera. Anafunsana ngati sikelo ya ana imayamba nthawi yake, ngati ndalama zimene amasonkha pamjigo pali amene anazionapo, ngati mayi akaimirira pamsonkhano amamulola kumaliza mawu ake. Azakhali, amene ndinkaganiza kuti ndi ofatsa chibadwire, analankhula mpaka chitenje kumasuka m'chiuno.

Chimene chinandisangalatsa koposa chinaoneka pophatikiza zotsatira. Pa nkhani ya madzi abambo anapereka zinayi. A komiti anadzipatsa zisanu. Amayi anapereka imodzi. Mudzi umodzi, mjigo womwewo! Palibe amene ananama. Abambo ankapeza madzi osamba ali kale kubafa, osadziwa kuti achokera kutali bwanji. Tikanasakaniza mayankho onse m'dengu limodzi, tikanati madzi kwathu ali pakatikati, ndipo azakhali akanapitiriza kutsetsereka phiri lija mpaka kukalamba.

Pabwalo lalikulu, amfumu atakhala, azakhali anagwada kaye mwaulemu, kenako anaimirira, njere imodzi ili m'manja. Anati, "Zikomo amfumu, ife sitikudana ndi munthu. Tikungopempha kuti ndalama za mjigo tizione." Amfumu anagwedeza mutu n'kulamula kuti kope libwere. Tsiku lomwelo anagwirizana zinthu zingapo, ndipo sizinathere pakamwa ayi.

Bwerani mudzaone lero. Mjigo ukutuluka madzi, ndipo msungichuma wake ndi azakhali anga, amene amatchula ndalama zonse pamaso pa anthu mwezi ukatha, mdzukulu wawo akuwerenga m'kope. Misonkhano inachoka m'mawa, nthawi imene amayi amakhala atapita kukagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Chezi, tsopano imachitika dzuwa litapendeka. Mayina a oyenera kuthandizidwa amawerengedwa mokweza, ndipo wina akaona kuti mwalowa munthu wanyumba ya malata pamene gogo wasiyidwa, amanena pomwepo. Atamva kuti lamulo la 2013 loona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi limafuna kuti polemba ntchito m'boma mbali iliyonse isachepere 40 pa 100, anthu akwathu anati nawonso komiti yawo iyende motero. Mlembi sawerenganso mitu yokha. Amalemba kuti analankhula ndi angati, amayi angati, ndipo mwa zimene amayi anapempha zachitika ndi ziti. Mabenchi aja nawonso, amayi achikulire ndiwo amayamba kukhalapo.

Sikuti umphawi watha ayi. Feteleza ndi wodulabe, ndipo mwezi wa February nkhokwe zambiri zimakhala mbee. Koma mayi amene kale ankangoliza nthungululu pa mfundo za ena, lero ali ndi muyeso wake m'manja, ndipo akuluakulu amaulemekeza.

Dzulo amayi anakhalanso patsinde pa mango paja. Mjigo anaupatsa njere zisanu, ndipo amayi anavina chimtali fumbi kuti koboo. Sikelo anaipatsa zitatu zokha, ati ikuchedwabe kuyamba, ndipo alangizi a zaumoyo alonjeza kudzakumana nawonso tikakolola.