Msonkho Ukatsika, Apindula Ndani? Zimene Zinachitika ku Kansas

Palibe wantchito amene sakondwa pomva kuti Boma lichepetsa msonkho. Koma anthu a ku Kansas, chimodzi mwa zigawo 50 za dziko la United States of America, anaona pakati pa 2012 ndi 2017 kuti mawu oterewa ayenera kufunsidwa bwino. Kodi msonkho umene ukutsika ndi wa yani? Nanga ndalama zimene zidzasowa m'thumba la Boma adzalipira ndani?

Kansas ndi dera la alimi a tirigu ndi oweta ng'ombe, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 3 miliyoni. Wantchito wa kumeneko amakhoma misonkho iwiri pa malipiro ake: wina umapita ku Boma lalikulu ku Washington, wina ku Boma la chigawo ku Topeka. Wachiwiriwu ndiwo umathandiza kuyendetsa sukulu ndi kulipirira mankhwala a osauka, ndipo ndiwo mwini nkhani ino.

LONJEZO LA BWANAMKUBWA

M'mwezi wa May, chaka cha 2012 chisanafike pakati, Bwanamkubwa wa Kansas, Bambo Sam Brownback a chipani cha Republican, anasaina lamulo lochepetsa msonkho. Msonkho wapamwamba unatsika kuchoka pa madola 6.45 kufika pa madola 4.90 pa madola 100 alionse. Wapansi unatsika kuchoka pa madola 3.50 kufika pa madola 3. Koma chachikulu chinali ichi: eni malonda amene phindu limalowa m'thumba mwawo, monga alimi, maloya, madokotala ndi eni masitolo, anamasulidwa kuti asamakhome konse msonkho wa ku Topeka pa phindu lawolo.

Bambo Brownback, amene analangizidwa ndi katswiri wa zachuma Arthur Laffer, anafotokoza kuti mwini malonda akatsala ndi ndalama zambiri adzakulitsa ntchito yake ndi kulemba anthu ambiri. Antchito atsopanowo adzakhoma msonkho ndi kugula katundu, motero zimene Boma lataya zidzabwerera mwa njira ina. Ambiri anavomera, pakuti ntchito ndi chinthu chimene aliyense amachifuna.

BWANA AMASUKA, KALALIKI AKHOMA

Posakhalitsa kunaoneka chinthu chodabwitsa. Loya wokhala ndi ofesi yake sanali kukhoma kanthu ku Topeka pa phindu lake, pamene kalaliki wake, wolandira malipiro a pamwezi, anali kukhomabe. Eni malonda oposa 300,000 analowa m'gulu la omasulidwa, kuposa mmene Boma linayembekezera. Lamulo lomwelo linachotsanso ndalama zimene Boma linkabwezera osauka pa msonkho wa chakudya, ndi zimene linkabwezera osauka okhala m'nyumba za lendi.

M'chaka choyamba chathunthu, ndalama za msonkho wa malipiro zinatsika ndi madola pafupifupi 700 miliyoni. Ntchito zatsopano sizinabwere monga mwa lonjezo. Zinachuluka pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene zinali kuchulukira m'dziko lonse la America. Otsatira Bwanamkubwa anayankha kuti vuto linali kutsika kwa mitengo ya mbewu ndi ya mafuta, ndipo n'zoona kuti mitengoyo inatsikadi m'zaka zimenezo. Komabe dzenje la m'thumba la Boma linayamba pamene lamulo linayamba kugwira ntchito.

DZENJE LINAKWIRIRIDWA NDI YANI?

Malamulo a Kansas salola Boma kuwononga ndalama zoposa zimene lili nazo. Chotero linadya zimene linasunga, linatenga ndalama zokonzera misewu, ndipo linachedwetsa zopereka zake ku thumba la penshoni ya antchito a Boma. Mu 2015 sukulu za ku Concordia ndi Twin Valley zinatsekera masiku asanakwane chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Mu 2016 Boma linadula madola 4 pa 100 alionse pa malipiro a zipatala ndi madokotala ambiri othandiza osauka. Mu March 2017 Bwalo Lalikulu la Milandu la Kansas linagamula kuti ndalama zopita ku sukulu zinali zosakwana monga mmene malamulo a chigawocho amafunira.

Misonkho ina inakwera. Mu 2015 msonkho wa pa katundu wogula m'sitolo unachoka pa madola 6.15 kufika pa madola 6.50 pa madola 100, ndipo nthawi imeneyo unkakhudza ndi chakudya chomwe. Apa ndipo pali mtima wa nkhani. Wolandira zochepa amathera pafupifupi malipiro ake onse m'sitolo, choncho msonkho woterewu umadya gawo lalikulu la ndalama zake. Wolemera amasunga zambiri, ndipo saumva kwenikweni. Katundu anachotsedwa pamutu pa wamphamvu nasenzetsedwa wofooka.

NYUMBA YA MALAMULO IBWEZA MAWU

Mu June 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo, ambiri a iwo a chipani cha Bwanamkubwa yemweyo, anavomereza lamulo lokweza msonkho wapamwamba kufika pa madola 5.70 ndi kubwezera eni malonda mu kaundula wa okhoma. Bambo Brownback anakana kusaina, koma aphungu anakwanitsa mavoti awiri mwa atatu alionse amene amafunika kuti lamulo lipite popanda dzanja lawo. Mu 2018 iwo anasiya udindo napita kukakhala kazembe. Pambuyo pake, pansi pa Bwanamkubwa Mayi Laura Kelly, msonkho wa chigawo pa chakudya cha m'sitolo unachepetsedwa chaka ndi chaka mpaka unatheratu mu January 2025. Uku kunalinso kuchepetsa msonkho, koma kumene wosauka anakumva m'thumba mwake.

Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Kuchepetsa msonkho pakokha si choipa ayi. Koma wantchito akamva lonjezo lotere, achita bwino kuwerenga zimene watsala nazo pa tsiku lamalipiro, ndi kuwerenganso zimene adzalipira ku sitolo, ku chipatala ndi ku sukulu ya mwana wake.