Maola 400 m'chipinda chimene wodwala sachiona

Munthu akalowa ku fiyeta n'kutulukako ali bwino, achibale amathokoza adokotala, ndipo amtima wabwino amakumbukirako anamwino. Sindinamvepo wina akufunsa kuti sizasi imene yadula mnofu wa m'bale wakeyo inali kuti dzulo. Inali m'mimba mwa munthu wina. Pakati pa odwala awiriwo inadutsa m'manja mwathu, ife a m'chipinda chotsukira zida za opaleshoni ndi kupha tizilombo totsalira pa zidazo. Kuno ku America chipindachi amachitchula kuti SPD, pomwe m'maiko ena ambiri, kuphatikizapo akumwera kwa Africa, amati CSSD. Nthawi zambiri chimakhala kunsi kwa nyumba, kopanda ndi zenera lomwe, ndipo wodwala amabwera n'kupita osadziwa kuti chilipo.

Ntchitoyi siifuna digiri, n'chifukwa chake anthu ambiri ongofika kumene m'dziko muno, ena mwa iwo ochokera kwathu, amayambira pomwepa akafuna kulowa ntchito yachipatala. Bungwe la HSPA, lomwe mpaka 2022 linkadziwika kuti IAHCSMM, limapereka satifiketi ya CRCST kwa munthu amene wakhoza mayeso a mafunso 150 komanso wagwira ntchitoyi ndi manja ake kwa maola 400. Wina akhoza kuyamba ndi mayeso, koma akatero amapatsidwa miyezi 6 yokha kuti akwanitse maolawo. M'zigawo zina, monga New Jersey ndi New York, satifiketi ndi lamulo. Choncho masukulu amatumiza ophunzira awo ku zipatala kukachita externship, atachimenti imene timaidziwa ija: ntchito yeniyeni, wina akukuyang'anira, kawirikawiri popanda malipiro.

Maolawo anagawidwa kale. Pa fomu ya HSPA ya m'zaka zapitazo panali 120 otsuka zida zochokera ku fiyeta, 120 oziyendera, kuzisanja ndi kuzikulunga, 96 a pa makina ophera tizilombo, 24 osunga ndi kugawa katundu, 24 otsimikiza kuti zonse zayenda mwadongosolo, ndi 16 osamalira zipangizo zina za m'mawodi. Wophunzira akaona pepala lotere amayamba kuwerengera kuti amaliza liti. Ine ndikadakonda akadayamba wafunsa kuti n'chifukwa chiyani kutsuka kunapatsidwa maola ochuluka chonchi.

Pafupifupi aliyense amafika maso ali pa autoclave, chimakina chophera tizilombo ndi nthunzi, cha chitseko cholemera ndi magetsi ophethira, ndipo amadana ndi chipinda chotsukira. Ndimawamvetsa. Kumeneko umavala gauni yosalowa madzi, magolovesi okhuthala, chophimba nkhope ndi zokutira nsapato, thukuta n'kumatsika pamsana uli chiimire pa sinki. Zimene zimabwera pa ngolo si zoti n'kufotokoza munthu akudya. Koma ntchito yonse yagona pa sinkipo. Nthunzi imapha tizilombo timene yatikhudza basi. Kachidutswa ka magazi ouma kakabisala pamene chida chimapindikira, tizilombo tapansi pake tikhoza kulowa mu autoclave n'kutulukamo tili moyo. Makina sapha tizilombo pa chida chakuda, ngakhale atagulidwa ndi ndalama zochuluka bwanji.

Ndiye ngati muli pa atachimenti, pemphani kuti akusiyeni ku sinki mpaka manja azolowere, ndipo chilichonse chimene akukuuzani muzifunsa chifukwa chake. Mudzauzidwa kuti madzi oyambira kutsukira asakhale otentha. Chifukwa chake n'chakuti kutentha kumaphika magazi n'kuwamatiza pa chitsulo, monga dzira limamatirira pa chiwaya. Mudzauzidwa kuti burashi izikhala pansi pa madzi pokwecha. Mukakwechera pamwamba, timadontho tosaoneka ndi maso timauluka n'kukakutsikirani kumaso. Sopo amene timagwiritsa ntchito ali ndi ma enzyme amene amasungunula magazi ndi mafuta, ndipo amafunika muyezo wake weniweni. Kuthira wambiri sikuonjezera ukhondo, kumangosiya zotsalira pa chida. Chida chilichonse chopindika chimatsegulidwa, chomasulika chimamasulidwa, ndipo chokhala ndi kabowo mkati chimalowetsedwa burashi ya saizi yake mpaka itulukire mbali inayo. Ngakhale mpweya wa m'chipindamo unakonzedwa mwadala: umakokedwera mkati kuti usatulukire ku chipinda choyera, n'chifukwa chake akuluakulu amakwiya mukasiya chitseko chotsegula.

Amene munagwirapo ntchito m'zipatala za kwathu mukukumbukira ndowa ya klorini ya 0.5 peresenti, momwe zida zinkamizidwa kwa mphindi 10 zisanatsukidwe. Anamwino ambiri anaphunzira choncho, ndipo cholinga chake chinali chabwino, kuteteza wotsukayo. Koma malangizo amene bungwe la WHO linatulutsa mu 2016 amaletsa mchitidwewu. Klorini amadya chitsulo n'kusiya timaenje momwe litsiro limabisala, komanso magazi amamufooketsa moti wotsuka amangodzinamiza kuti watetezeka. Madzi a mchere a m'madiripi nawonso amachititsa dzimbiri. Chimene chimateteza wotsuka ndi zovala zake, katemera wa hepatitis B, ndi lamulo loti dzanja lisalowe m'madzi amene pansi pake sipakuoneka. Mukabayidwa ndi singano kapena kuchekedwa ndi lumo, nenani nthawi yomweyo, musachite manyazi kuti ndinu wophunzira. Mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa mwamsanga, pasanathe maola 72.

Chipinda chachiwiri ndi chozizira bwino, chabata, ndipo apa ndi pamene wophunzira amazunguzika ndi mayina. Mayo, Metzenbaum, Kelly, Allis, Babcock, Kerrison: ambiri ndi mayina a madokotala akale, ndipo tsiku loyamba zida zonse zimaoneka zofanana. Osaloweza buku lonse. Tengani thireyi imodzi imene imabwera tsiku lililonse, muidziwe mpaka muzitha kuona kuti chasowa n'chiti musanayang'ane pa pepala lowerengera, kenako mupite pa ina. Dziwaninso ntchito ya chida, osati dzina lokha. Sizasi ya Mayo ndi yolimba, yodulira zokhuthala. Ya Metzenbaum ndi yopyapyala, ya mnofu wofewa, ndipo wina akaidulira ulusi imabuntha msanga. Munthu wodziwa zimenezi sangasinthanitse ziwirizi n'kumati bola chiwerengero chakwana.

Kusanja thireyi si kuwerenga kokha. Chida chilichonse chimayang'anidwa pansi pa galasi lokulitsa. Sizasi imayesedwa ngati ikudula mpaka kunsonga, mano a chopanira amaonedwa ngati akulumana, ndipo zida zazitali za opaleshoni yoboola pang'ono zimayesedwa ndi makina kuti aone ngati chikopa chake chotchinga magetsi sichinang'ambike, poti kang'alu kosaoneka kakhoza kuotcha matumbo a wodwala dokotala osadziwa. Mukapeza kadontho kofiirira, musakapukute ndi kansalu n'kupitiriza. Chidacho chimabwerera ku sinki. Thireyi yonse isapitirire mapaundi 25, pafupifupi makilogalamu 11, chifukwa yolemera kwambiri siuma bwino komanso imathyola misana ya anthu.

Ngati m'chipatalamo amalola, pemphani kukaonerera opaleshoni imodzi. Ophunzira ambiri sadziwa kuti akhoza kupempha. Mukaona namwino akutsegula thireyi wodwala atagonekedwa kale, n'kupeza kuti chida chimodzi palibe, onse n'kuima kudikira, simudzafunanso wina wokukumbutsani kuwerenga kawiri.

Tsopano autoclave ija. Lingaliro lake ndi lakale: Charles Chamberland, amene ankagwira ntchito ndi Louis Pasteur ku Paris, anapanga yoyamba mu 1879. Madzi akawira pa mpanipani waukulu, nthunzi yake imatentha kuposa madigiri 100. Makina akale amafuna madigiri 121 kwa mphindi 30. Amakono, amene amayamba ayamwa mpweya wonse, amamaliza m'mphindi 4 pa madigiri 132, pomwe ku Ulaya amakonda 134 kwa mphindi 3. Mdani wamkulu wa nthunzi ndi mpweya wamba. Ukatsalira pakati pa phukusi, nthunzi siifikapo. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse, katundu asanalowe, timaika m'makina opanda kanthu kaphukusi koyesera kotchedwa Bowie-Dick, njira imene J.H. Bowie wa ku Edinburgh ndi anzake anaifotokoza mu 1963. Pepala la mkati mwake likasintha mtundu mofanana paliponse, mpweya ukuchoka bwino. Likatsala ndi banga pakati, makinawo sagwira ntchito mpaka akonzedwe.

Tepi ya mizere imene imada pa phukusi ndi imene imanamiza anthu ambiri, ngakhale ena ogwira ntchito m'mawodi. Mizereyo imangonena kuti phukusi lalowapo mu autoclave, siinena kuti tizilombo tafa. Umboni wodalirika ndi kabotolo kokhala ndi njere za bakiteriya wotchedwa Geobacillus stearothermophilus, amene amapirira kutentha kuposa tizilombo toyambitsa matenda. Timamulowetsa pamodzi ndi katundu, kenako n'kumuika pofunda kuti tione ngati angamere. Akafa, tili ndi chifukwa chokhulupirira kuti enawo afa. Akamera, katundu yense amaitanidwa kuchokera kulikonse kumene wapita, ndipo apa ndi pamene mumamvetsa chifukwa chake phukusi lililonse limamatidwa nambala ya makina, ya ulendo ndi tsiku. Zitsulo zoti zikatsale m'thupi la munthu sizituluka m'chipinda mwathu kabotoloko kasanayankhe. Wophunzira wochenjera amapempha kuti ayese yekha zimenezi ndi kulemba yekha m'kaundula, wina akuona.

Zida zina sizipirira kutentha, monga makamera ndi zapulasitiki zina. Zimenezo zimapita ku makina a hydrogen peroxide, amene sagwirizana ndi pepala wamba kapena nsalu ya thonje, kapena ku gasi wa ethylene oxide, amene ndi poizoni moti katundu amakhala maola ambiri akupitidwa mphepo asanakhudze munthu. Palibe amene angasunge zonsezi pamtima. Chida chilichonse chili ndi malangizo a kampani imene inachipanga, omwe timangoti IFU, ndipo luso lalikulu limene mungatenge pa atachimenti ndi kudziwa kuwapeza ndi kuwawerenga.

Koma nawo malangizowo sanagwe kumwamba. Mu 2015 chipatala cha Ronald Reagan UCLA ku Los Angeles chinalengeza kuti odwala 7 anatenga bakiteriya wosamva mankhwala wotchedwa CRE, awiri n'kumwalira, kudzera pa chida cholowetsa kukhosi chotchedwa duodenoscope. Chipatalacho chinanena kuti chinkatsata malangizo a kampani. Vuto linali kachitsulo koyenda kunsonga kwa chidacho, komwe kanali ndi ming'alu yosafikika ndi burashi. Kuyambira pamenepo makampani anayamba kupanga zida za nsonga yochotseka kapena yotaya, ndipo zipatala zambiri zinagula timakamera tosuzumira mkati mwa mabowo. Ndimawauza ophunzira nkhaniyi kuti adziwe kuti diso lawo lili ndi ntchito ngakhale pepala litati zatha.

Chovuta kwambiri kwa ife amene tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa ndi ichi. Tsiku lina mudzaona munthu amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri akudumpha gawo, mwina chifukwa foni ya ku fiyeta yalira kachitatu. Kapena mudzatulutsa phukusi lonyowa pansi, iye n'kunena kuti liuma lokha. Phukusi lonyowa limatengedwa kuti ndi loipitsidwa, poti chinyezi chimatsegulira tizilombo njira kudutsa pa chokulungira. Chimodzimodzi phukusi la kabowo kapena logwa pansi. Simukuyenera kukangana naye pagulu. Funsani ngati wofuna kuphunzira: "Pepani, kusukulu anatiuza mwakuti, kodi kuno mumachita bwanji? Tingaone limodzi pa IFU?" Ambiri amabwerera okha akafunsidwa motero. Akakana, nkhaniyo ipite kwa amene anapatsidwa udindo wokuyang'anirani, tsiku lomwelo. Ulemu ndi wabwino, koma phukusilo likupita pa thupi la munthu amene wagonekedwa ndipo sangadzilankhulire.

Zina ndi zazing'ono. Khalani ndi kabuku kolembamo zimene mwaphunzira, koma kasalowe ku chipinda chotsukira, ndipo foni isajambule chilichonse chokhala ndi dzina la wodwala; lamulo la kuno pa chinsinsi cha odwala silichita nthabwala ndi ophunzira. Zikhadabo zoikirira ndi mphete zisiyeni kunyumba. Ngati n'kotheka gwirani usiku kangapo, chifukwa mathireyi ambiri amatsika madzulo maopaleshoni akatha, ndipo usiku anthu amakhala ochepa moti wophunzira amapatsidwa zambiri zoti agwire yekha.

Za maola, lembani tsiku lililonse kuti mwagwira angati ndiponso mbali iti. Fomu ya HSPA imasainidwa ndi woyang'anira dipatimenti, ndipo iye sangavomereze zimene sakuzikumbukira. Kumene anthu amagwa kawirikawiri ndi pa timagawo ting'onoting'ono tija, chifukwa palibe amene amakutumizako ngati sunapemphe. Ena amafika sabata yomaliza ali ndi maola opitirira ku sinki koma ku stolo sanapondeko. Dziwaninso kuti woyang'anirayo akukuonani ndi diso la wolemba ntchito, ndipo madipatimenti ambiri amakonda kutenga munthu amene amuona kale akugwira. Musanachoke mufunseni maso ndi maso ngati pali malo, ndipo ngati palibe, ngati angalole kuti dzina lake likhale pa kalata yanu yofunsira ntchito kwina. Satifiketi ikatuluka imafuna kuikonzanso chaka chilichonse ndi mapointi 12 a maphunziro opitiriza, choncho mufunseni komwe anzanu a m'dipatimentimo amawapeza, poti ena amaperekedwa ulere ndi makampani opanga zida.