KODI KADUWA KOFIIRA KAMAFIKA KU FEIRA?

LUANGWA: Mwezi wa November ukayandikira, m'mizinda ya Zambia ndi Malawi mumaoneka anthu atabaya kaduwa kofiira pa malaya. Kaduwako, kochedwa popi, sagulira kukongola ai. Ndalama zake n'zothandizira amuna amene anagwira mfuti pa unyamata wao, ndipo ena mwa iwo ukalamba unawapeza alibe denga lowachinjiriza ku mvula.

Kumene amunawa anamenya nkhondo kumadziwika ndi maina a makampu athu a asilikali. Tug Argan ya ku Ndola ikumbutsa nkhondo ya ku Somaliland ya mu 1940. Gondar ya ku Cipata ndi dzina la mzinda wa ku Ethiopia umene unagonja mu 1941, pamene Arakan ya mu Lusaka ndi Chindwin ya ku Kabwe ndi malo a ku Burma, kumene gulu la Northern Rhodesia Regiment linalimbana ndi Ajapani m'nkhalango zamatope.

Nanga pobwera anabwera naco ciani? Cikalata ca boma la Britain ca mu 1945 cionetsa kuti msilikali wamba wacizungu anali kulandira mphatso ya mashereni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, koma mnzace wakuda mashereni atatu ndi theka cabe. Cipolopolo sicinali kusankha khungu, koma wolemba malipiro analisankha. Tindalama timeneto tinatha msanga, ndipo amene analibe ana omusunga anatsala m'manja mwa anthu acifundo.

Ku Malawi, mu mzinda wa Zomba, anamangako nyumba zosungiramo asilikali okalamba pafupi ndi kampu ya Cobbe, ndipo mipingo, makampani ndi anthu wamba akhala akupitako ndi ufa, sopo ndi mabulangeti. Mu 2018 Britain inalonjeza mapaundi 11.8 miliyoni, kudzera m'bungwe la Royal Commonwealth Ex-Services League, kuti asilikali akale ndi akazi ao amasiye oposa 7,000 m'maiko osiyanasiyana azidya kawiri pa tsiku. Thandizolo linadza zaka 73 nkhondo itatha, ambiri atagona kale kumanda.

Anthu a kuno ku Luangwa nkhondo sacita kuimva m'nthano. Pa 6 March 1978 asilikali a Ian Smith anaoloka Zambezi nathira nkhondo pa msasa wa ZIPRA ku Kavalamanja. Panafa omenyera ufulu wa Zimbabwe, asilikali a Zambia ndi anthu a m'midzi, ndipo mabanja anathawa kusiya nyumba, minda ndi mabwato. Caka ndi caka gulu la nkhondo la Zambia limabwera kudzakumbukira tsikulo. Anyamata amene analondera malire m'zaka zimenezo lero ndi agogo a imvi.

Bvuto ndi lakuti popi amagulidwa ku tauni, ndipo kucokera pa ulalo wa Luangwa kufika pa boma pali mtunda wautali. Msilikali wakale wa kwa Mphuka kapena kwa Mburuma khumbi lace likagwa, oyamba kuona ndi anansi, anyakwawa ndi a mpingo wace. M'dziko lino la mvula yocepa, kumene njobvu zimatha munda usiku umodzi, ndalama n'zosowa. Cimene mudzi ungasonkhe ndi mitengo ya phaso, mitolo ya udzu, mphasa, nsomba zouma ndi tsiku limodzi la nchito ya manja. Udzu umamwetedwa m'nyengo ya cisanu, ndipo denga liyenera kufoleredwa mvula yoyamba isanagwe.