Bala limapola, nanga bwanji mapapo a wokumba golide sapola?

Ku Wadzanai, lokeshoni ya m'tauni ya Shamva kum'mawa kwa Bindura ku Zimbabwe, mabanja ambiri amadya za mwala. Agogo a ena mwa iwo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ndipo lero zidzukulu zambiri zimakumba golide m'maenje awoawo. Wokumba golide saopa bala. Mwala ukamucheka pamkono amangomanga kansanza, pakapita milungu iwiri khungu latsekeka. N'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti chifuwa cha fumbi nachonso chidzatha chokha akadzapumula. Sizitero, ndipo chifukwa chake chili m'maselo.

Maselo ndi tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi. Munthu amayamba ali selo limodzi. Selolo limagawikana kukhala awiri, awiriwo anayi, mpaka munthu wamkulu amakhala ndi maselo pafupifupi 30 thiriliyoni a mitundu yoposa 200: a magazi, a khungu, a mafupa, a ubongo ndi ena.

Maselo ambiri akakhwima sagawikananso. Amagwira ntchito mpaka kutha. Olowa m'malo mwawo amachokera ku kagulu kochepa kamene madokotala amakatcha stem cells. Mlimi angakamvetse akaganizira mbewu yosunga. Selo lotere likagawikana, limodzi limatsala ngati mbewu pamene linzake limakhwima n'kuyamba ntchito. M'mafuta a m'mafupa, mbewu imeneyi imatulutsa maselo ofiira a magazi pafupifupi 2 miliyoni pa sekondi iliyonse, poti lililonse limakhala masiku 120 okha. Pansi pa khungu palinso mbewu yotere, ndipo ndi imene imatseka bala la wokumba uja.

Mapapo nawo ali ndi mbewu yawo m'timatumba ta mpweya, ndipo imathandiza kukonza zimene chibayo chawononga. Koma mwala woyera umene golide amapezekamo uli ndi silika. Ukabowoledwa kapena kugayidwa, fumbi lake losalala kwambiri limalowa mpaka m'timatumba tija. Kumeneko kuli maselo osesa, amene ntchito yawo ndi kumeza zinyalala ndi tizilombo. Silika amammeza, koma kumugaya sangathe. Selo limafa, fumbi limatulukanso, lina limalimeza, nalonso n'kufa. Nkhondo yosathayi imaitana maselo ena amene amamanga zipsera. Chipsera cha pamkono sichivuta munthu, koma m'mapapo ndi nyama youma yosalowetsa mpweya m'magazi, ndipo mbewu ija singamerepo, monga chimanga sichimera pathanthwe.

Matendawa ndi silikosisi. Kawirikawiri amaonekera patapita zaka 10 kapena kuposerapo, koma wobowola mwala wouma m'dzenje losapita mphepo amatha kudwala m'zaka zochepa. Amakulabe ngakhale munthu atasiya ntchito. Komanso maselo osesa aja ndi omwe amalimbana ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu cha TB, choncho wodwala silikosisi amagwidwa ndi TB mosavuta, makamaka ngati alinso ndi HIV. Apa mabanja amasokonezeka. TB imachizika, kawirikawiri m'miyezi 6, koma bambo akamaliza mankhwala n'kumabanikabe, abale amathamangira kunena za ufiti kapena kuti achipatala alephera, pamene vuto ndi zipsera.

Sayansi ya maselo yapita patsogolo ndithu. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Japan anabweza maselo okhwima a mbewa kukhalanso mbewu, ndipo mu 2012 analandira mphoto ya Nobel. Komabe palibe mankhwala ochotsa zipsera za silika m'mapapo. Wogulitsa mabotolo olembedwa kuti stem cell, n'kumalonjeza mapapo atsopano, akungodya ndalama za odwala.

Chotheka ndi kutchinga fumbi lisanalowe. Kuthira madzi pobowola ndi pogaya miyala kumalichepetsa kwambiri, chimodzimodzinso kudikira kuti likhazikike mwala ukaphulitsidwa. Kansalu kokulunga pamphuno sikagwira fumbi losalalali. Pamafunika chotchinga chopangidwira ntchitoyo, chogwira bwino nkhope.

Lamulo la Zimbabwe lotchedwa Pneumoconiosis Act limafuna kuti ogwira ntchito m'malo a fumbi azipimidwa m'chifuwa, koma wokumba payekha lamuloli silimufika kawirikawiri. Mpata umenewu angautseke ndi alangizi a zaumoyo a m'madera. Akapeza munthu wotsokomola kapena wobanika, amufunse kuti wagwira ntchito ya mwala zaka zingati, ngakhale anasiya kalekale, ndipo polemba kalata yopita nayo kuchipatala atchule zakazo, apemphenso kuti kuwonjezera pa kupima makhololo amujambule X-ray.